Momwe mungakonzere khola la ng'ombe mvula isanagwe

Kuno ku Zomba mvula imayamba cha mu Novembala, ndipo pofika Januwale khola losasamalidwa limakhala litasanduka dambo. Ntchitoyi igwireni mu Okutobala, pansi pakadali pouma. A kuchigwa cha Nyanja ya Chilwa, monga ku Jali ndi ku Kachulu, musachedwe n'komwe, poti malo akumeneko ndi athyathyathya ndipo madzi amachedwa kuphwa.

Ambiri amathamangira mpanda, koma yambani ndi pansi. Kokolani ndowe zonse mukaunjike panja kuti ziwolerane, adzakhale manyowa. Maenje amene ng'ombe zakumba ndi ziboda, makamaka pachipata ndi pomwera madzi, akwirireni ndi timiyala tosakaniza ndi dothi la pachulu, n'kutsendera zolimba. Pansipo pakhale potsetsereka pang'ono kuti mkodzo uzituluka wokha. Kenako kumbani ngalande kumtunda kwa khola yopatutsa madzi othamanga. Ng'ombe ikamaswera m'matope ziboda zimafewa n'kuyamba kuola, ndipo yamkaka imatupa bere. Ndalama za mankhwala zimaposa kutali thukuta la ngalande.

Mukatero pitani ku nsanamira. Gwedezani iliyonse, n'kuilasa m'munsi ndi nsonga ya chikwanje, chifukwa chiswe chimadya m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Yofumbwa izuleni. Yolowa m'malo mwake, kaya ndi ya bulugamu, ikhale youma ndi yosendedwa makungwa. Iwauleni pamoto kumunsi kapena ipakeni oyilo wakutha wa galimoto, koma mbali yokwiririkayo yokha, paja ng'ombe sizisiya kunyambita. Dzenje likuye theka la mita kapena kuposerapo. Mitengo yopingasa ikhomereni m'kati mwa khola, kuti ng'ombe ikamadzikhula iziikankhira ku nsanamira m'malo moizula.

Mukamaliza kukhoma, tolani msomali uliwonse ndi tizidutswa tonse ta waya. Ng'ombe imameza udzu osatafuna mokwanira, ndiye kachitsulo kakalowa kamaboola chifu, nthawi zina mpaka kukafika ku mtima. Imangoyamba kuonda n'kukana kudya, mwini wake osadziwa chavuta.

Za denga n'zosavuta: folerani podontha, khomani lata lililonse lopepheluka, ndipo kumbali ya ana a ng'ombe tchingani bwino chifukwa chiperoni chimawazunza. Chomwera madzi chikang'ambika, chotsanimo madzi kaye musanamate ndi simenti. Matani ming'alu ya m'makoma momwe mumabisala nkhupakupa, ndipo za mankhwala opopera funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu.