Mmene ndimakulitsira otchinga kumbuyo pa timu ya sukulu

Chaka china timu yathu inagonja 4 kwa 1 pa mpikisano wa masukulu kuno ku Angonia, ndipo zigoli zitatu zinalowa m'mphindi 20 zomaliza. Wotchinga wapakati amene ndinkamudalira anali ku maliro a agogo ake ku Domwe. Mnzake anabinya phazi chigawo chachiwiri chitangoyamba. Ndinatembenukira ku benchi n'kuitana mwana amene chaka chonse ntchito yake inali yonyamula zigubu za madzi. Ochemerera anamutukwana mpaka analira, koma wolakwa ndinali ine. Ndinali ndi otchinga anayi okha, ndiye n'kumadzinamiza kuti kumbuyo kwanga n'kolimba.

Nzeru yokonzera zimenezi ndinaitola kwachilendo. Mphwanga amene amagwira ntchito ku Moatize anandionetsa pa foni mpira wa makoleji a ku America, uja wa zipewa zolimba ndi mpira wosongoka ngati papaya. Kumeneko kuli gulu la amuna atatu kapena anayi amene amaima kutsogolo kwa otchinga onse, mphuno ndi mphuno ndi adani, ndipo amalitcha defensive line. Ambiri mwa iwo amaposa makilogalamu 120, ntchito yawo ndi yokankhana ngati nkhunzi, choncho mpweya umawathera msanga. Malamulo awo amalola kutuluka ndi kubwereranso kangati konse, ndiye kochi wanzeru amasinthanitsa anthu asanu ndi atatu kapena kuposa pa malo anayi amenewo. Timu ya yunivesite ya Georgia imene inatenga ukatswiri wa nyengo ya 2021 inali ndi Travon Walker, Jordan Davis ndi Devonte Wyatt, onse atatu anasankhidwa m'ndime yoyamba yosankha osewera atsopano a NFL, ligi yaikulu ya mpira umenewu ku America, mu 2022, Walker kukhala woyambirira pa onse. Kumbuyo kwawo kunali Jalen Carter, amene ankasinthana nawo, nayenso anasankhidwa m'ndime yoyamba chaka chotsatira. Alinso ndi lamulo lotchedwa redshirt: wophunzira amapatsidwa zaka 5 zoti asewere nyengo 4, ndipo kuyambira 2018 m'makoleji akuluakulu mwana watsopano atha kulawa masewera anayi popanda kutaya chaka chake. Amamukulitsa pang'onopang'ono.

Mpira wathu wa miyendo ndi wina. Timasintha osewera asanu basi, ndipo wotuluka watuluka. Koma mutu umene umamupweteka kochi wa ku Georgia ndi womwewu wa mphunzitsi wa ku Ulongwe kapena ku Furancungo: osewera athu ndi ophunzira, amamaliza sukulu n'kupita.

Yambani ndi kope. Lembani malo anayi akumbuyo, pa malo alionse mayina awiri, ndipo pambali pa dzina lililonse mulembe kalasi yake. Ngati anayi oyamba onse ali mu kalasi 12, kapena ali chaka chomaliza cha koleji, dziwani kuti mu Disembala khola lonse litsala lopanda ng'ombe. Ine ndimafuna kuti pa asanu ndi atatuwo, omaliza asapose atatu.

Mayina asanu ndi atatuwo muwapeza kuti, poti mwana aliyense amafuna jezi nambala 9 kapena 10? Musadikire wodzipereka. Yang'anani wakutsogolo amene amalumpha bwino koma chigoli chimamukana, wapakati amene salankhula zambiri koma amadziwiratu kumene mpira ukupita, ndiponso aliyense womenya ndi mwendo wamanzere, ameneyo musamutaye ngakhale atakhala wowonda ngati bango. Akamanyinyirika kuti "Mister, kumbuyo kulibe dzina," ndimawakumbutsa za Reinildo Mandava, mwana wa ku Beira, wotchinga wakumanzere amene anatenga ligi ya ku France ndi Lille mu 2021, kenaka n'kupita ku Atlético Madrid mu 2022. Ndimawauzanso kuti Reinildo yemweyo anavulala bondo mu Febuluwale 2023 n'kukhala miyezi yambiri osasewera. Amene ankadikira kumbuyo kwake anayenera kukhala wokonzeka tsiku lomwelo.

Tsopano pa bwalo. Chinthu chimene chinasintha timu yanga ndi chingwe wamba cha khonje, chomangira ng'ombe. Ndimatenga chingwe chachitali, anyamata anayi n'kuchigwira atatalikirana mapazi 12 kapena 15. Ine ndimayenda ndi mpira patsogolo pawo. Ndikapita kumanja, wakumanja amandiyandikira, atatu otsalawo n'kutsetsereka kutseka mpata. Chingwe chikakhudza pansi ndiye kuti aunjikana, chikamupulumuka wina m'manja ndiye kuti pang'ambika njira yodutsa mdani. Ndikatembenuka kuwapatsa msana, onse akwere pamodzi. Ndikadzutsa mutu popanda wondivutitsa, ngati ndikufuna kuponya mpira wautali, onse abwerere chambuyo, thupi litapendekeka, osati chafutambuyo ngati wogwadira amfumu. Mizere timalemba ndi phulusa la kukhitchini ya sukulu. Mphindi 15 zokha, kawiri pa sabata, koma osadumphitsa.

Pamenepa ndi pamene ambiri timalakwa: timaika anayi oyamba pa chingwe chimodzi, anayi achiwiri pa china. Asakanizeni. Lolemba wapakati wamkulu agwire chingwe ndi wamng'ono wa kalasi 9, Lachinayi asinthane ndi wina. Tsiku la maliro kapena la malungo sadzasowa onse anayi, adzasowa mmodzi kapena awiri, ndiye wolowayo akhale atazolowera kale mawu a amene ali pambali pake. Ndipo pa mzere wolamula ndi mmodzi. Akakuwa kuti "Sobe!" onse akwere, akati "Fecha!" atseke. Olamula akakhala atatu, ofusayidi wanu adzakhala wokhota ngati msewu wa ku Tsangano. Wamng'ono nayenso ndimamupatsa tsiku lake lolamula, ngakhale mawu ake akunjenjemera.

Za mmodzi ndi mmodzi sindichulutsa. Asagwe pansi msanga, amukankhire mdani chakumzere, ayang'ane mpira osati miyendo ikuvinavinayo. Mipira ya mutu kwa ana aang'ono ikhale yochepa, ndi mpira wosapopa kwambiri.

Thupi nalo. Tisanayambe timachita masewera otenthetsa thupi a FIFA 11+, amene amatenga mphindi ngati 20 ndipo safuna zida zapadera. Amene sindimalola kuti adumphidwe ndi aja ogwada, mnzako atakugwira akakolo, iwe n'kumagwa chamtsogolo pang'onopang'ono. Amalimbitsa mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu, umene umakonda kuduka wotchinga akamathamangitsa mdani. Kudya musakuiwale. Mwana amene wachoka kunyumba m'bandakucha osalawa kanthu sangalimbe mphindi 90, ndiye tsiku la masewera timasonkha, amayi ena n'kutiphikira mbatatesi ndi nyemba, poti kuno kwathu zimenezo sizisowa. Nsapato zogula pa kaunjika zikhale zomukwana mwini wake. Nsapato yobwerekana yandichotsera zikhadabo za ana ambiri.

Koma zonsezi n'zachabe ngati wachiwiriyo salowa m'bwalo. Ndimalemba m'kope mphindi za aliyense. Lamulo langa ndi lakuti pa masewera atatu alionse, wachiwiri aliyense apeze mphindi zosachepera 30. Kumulowetsa mphindi ya 88 ndi kumunyoza chabe, thukuta silinatuluke n'komwe. Mulowetseni chigawo chachiwiri chikuyamba, ndipo pa nthawi imodzi musinthe mmodzi yekha pa mzere, atatuwo amusunge. Pa masewera opimana mphamvu, gwirizanani ndi kochi mnzanu komanso woyimbira kuti wotuluka atha kubwereranso, ngati aja a ku America. Wamng'onoyo akalakwitsa chigoli n'kulowa, musamutulutse pomwepo. Ndinachitapo zimenezo kamodzi, mwanayo sanabwererenso ku bwalo, ndinkangokumana naye pa msika akundizemba.

Inde, mudzataya masewera ena chifukwa cha njira imeneyi, ndipo aphunzitsi anzanu adzakunenani m'chipinda cha aphunzitsi. Pirirani. Phindu lake mudzaliona tsiku lotsikira ku Tete. Ana athu anazolowera mphepo yozizira ya kumapiri kuno, ndiye mukayenda makilomita oposa 200 n'kukafika m'mbali mwa Zambezi, kumene dzuwa limapitirira madigiri 40 nyengo yotentha, miyendo imawalemera pofika mphindi ya 60. Timu za kumeneko, zokulira m'kutentha monga Chingale, sizimva zimenezo, ndipo ana a masukulu a kumeneko nawonso ndi chimodzimodzi. Pamenepo mumafuna otchinga awiri a miyendo yatsopano amene mzerewo akuudziwa kale.

China chimene sichichitikira pa bwalo: onani zotsatira za mayeso a anyamata anu kotala iliyonse. Wotchinga amene walephera kawiri, makolo amamuchotsa kukalima fodya kapena kukagulitsa tomato ku Lizulu, zaka ziwiri zimene munamuphunzitsa n'kupita naye. Ine wotsalira pa masamu ndimamukhazika pa benchi ndi kope lake Lachinayi, wachiwiri wake n'kugwira chingwe.

Mwana wonyamula zigubu uja ndinapita kwawo kukapepesa, agogo ake n'kundipatsa mpando ndi chimanga chootcha, akudabwa kuti aphunzitsi akupepesa mwana. Anabwerera. Chaka chotsatira ndiye ankakuwa "Sobe!" pa mzere wathu, ndipo zigubu tinayamba kunyamula mosinthana, kuyambira kaputeni.