Mmene ndimaperekezera anthu oopa kwa dokotala wa mano

Pakhomo pathu pano ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, munthu dzino likamuvuta woperekeza ndimakhala ine. Ndaperekezapo amayi anga, omwe anachoka ku Ntcheu kudzakhala nafe, ndaperekezapo mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 6, komanso bambo a kunyumba, omwe anatha masabata atatu atagwira tsaya osafuna kumva za chipatala. Onse atatu ankanena mawu amodzi akuti “ndikuopa”, koma chowaopsa chinali chosiyana. Ndiye musanaimitse n'komwe sacramento, njinga ya kabaza yopitira kuchipatala, khalani pansi ndi wodwalayo mumufunse kuti, “Chimene mukuopa kwenikweni n'chiyani?” Mukatero khalani chete. Musamuyankhire, ndipo musathamangire kunena kuti palibe choopsa.

Amayi anandiyankha patapita masiku awiri, tikusenda mbatata kukhonde. Anati, “Mwanawe, ine ndinazulidwapo ndili mtsikana. Jakisoni anabaya, koma ndinamva zonse. Anachita kundigwira anthu awiri.” Kuchokera tsiku limenelo sanakhalenso pampando wa dokotala wa mano mpaka kukalamba. Munthu wotere simungamuuze kuti ndi maganizo chabe. Zinamuchitikira. Chomwe chimathandiza ndi kumufotokozera chifukwa chake zinatero.

Nditawafunsitsa, anakumbuka kuti tsaya linali litatupa ngati dzungu tsiku lomwe anapita. Pamenepo ndi pomwe pagona nkhani. Mankhwala ochititsa dzanzi sagwira bwino pamalo potupa pomwe pali mafinya. Komanso mano a pansi akumbuyo amafuna jakisoni wobaya chakumapeto kwa nsagwada, ndipo pamafunika kudikira mphindi zingapo kufikira mlomo wa pansi ndi mbali imodzi ya lilime zitalemera. Mantha amachedwetsa munthu, kuchedwa kumatupitsa tsaya, kutupa kumalepheretsa dzanzi, ndipo ululu womwe wamva umamutsimikizira kuti ankaopa zoona. Nthawi yabwino yopita ndi pamene dzino langoyamba kulasa mukamwa tiyi wa shuga kapena mphepo ya m'mawa wa June kuno ku Mzuzu ikalowa m'kamwa. Pa nthawiyo nthawi zambiri limatheka kumatidwa osazula. Likayamba kukudzutsani usiku ndiye kuti kubowokako kwafika pa mtsempha.

Amayi anali ndi mantha enanso omwe ndawamvapo kwa azigogo ambiri, akuti kuzula dzino la m'mwamba kumachititsa khungu. Si zoona. Mtsempha womwe timaonera ndi wina, wa dzino ndi wina. Chomwe chingaopseze diso ndi mafinya a dzino la m'mwamba losiyidwa mpaka kutupa kukwere kumaso. Koma mfundo imeneyi musalimbane nayo kunyumba. Kholo silikhulupirira msanga mwana amene linamusintha matewera. Ifunseni inuyo pamaso pawo kuti adokotala ayankhe ndi pakamwa pawo.

Ngati okalambawo amamwa mankhwala a BP, amwe monga mwa masiku onse m'mawa wa tsikulo, ndipo munyamule mapaketi ake pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Ngati ali ndi shuga asapite ndi njala. Ngati amamwa aspirin kapena mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi, nenani musanayambe, koma musawasiyitse panokha. BP ikapezeka yokwera kwambiri adokotala angathe kuwabweza kuti abwere tsiku lina. Auzeni zimenezi mukadali kunyumba, kuti zikachitika asaone ngati akanidwa.

Tsopano za mzere, chifukwa mantha ambiri amakulira pabenchi. Ogwira ntchito ya mano m'dziko muno ndi ochepa. Ambiri omwe timawatcha adokotala m'zipatala za boma ndi ma dental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ndipo maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, yomwe pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Choncho kudikira kulipo. Mzuzu Central ku Luwinga ndi chipatala cholandira otumizidwa kuchokera m'maboma onse a kumpoto, ndiye ndi bwino kuyamba mwafunsa kuchipatala chaching'ono cha Mapale ngati mukufunika kalata yokutumizani. Lawirirani m'mamawa, muvale juzi. Mukafika, pamzere khalani inuyo, wodwalayo akhale poteropo padzuwa pomwe sakuona aliyense wotuluka ataluma thonje. Munthu akakhala maola atatu akuwerenga nkhope za otuluka, polowa mtima umakhala uli m'mwamba kale.

Mukalowa lankhulani mwachidule, mwaulemu. Ine ndinati, “Adokotala, amayiwa anamvapo ululu pozulidwa kale. Chonde muyese kaye ngati dzanzi lagwira, ndipo akakweza dzanja muime.” Pangano la dzanjali ndi chinthu chachikulu kuposa zonse zomwe ndalemba pano. Munthu atayasama sangalankhule, ndipo chomwe amaopa kwambiri ndi kusowa njira yonenera kuti basi. Gwirizanani dzanja lakumanzere, kuti asagunde mkono wa adokotala.

Muwauzenso zoona za zomwe adzamve. Dzanzi limachotsa kulasa koma silichotsa kukankha, kugwedeza ndi phokoso la m'mutu. Amene sanauzidwe zimenezi amati jakisoni sanagwire akangomva kukankha. Amayi anagwira chitenje changa ndi dzanja lamanja mpaka zala kuyera. Adokotala atagunda nkhama ndi kachitsulo, dzanja lakumanzere linakwera pang'onopang'ono, likunjenjemera. Anaima pomwepo, anawonjezera mankhwala, n'kuyamba kufunsa amayi za mbatata za kachewere za ku Ntcheu podikira. Kachiwiri dzanja silinakwere. Dzino litagwera m'mbale, amayi anatsegula maso n'kuyang'ana ine, osati adokotala, ngati akufunsa kuti kodi zatha.

Abambo mantha awo satchula dzina. Bambo a kunyumba ankati alibe nthawi, mawa lake n'kumati Panado akukwanira. Anayamba Brufen, kenako anaika aspirin pankhama mpaka panapsa n'kuyera, ndipo mnzawo wina anawalangiza madzi a batire. Zimenezo zimawotcha nyama, dzino silichira. Makapisozi ogula paokala nawonso amangogoneka kutupa kwa masiku ochepa, chifukwa gwero lake lili m'kati mwa dzino momwe. Usiku wina ana atagona ndinafunsa kuti, “Bambo, n'chiyani chikukuletsani?” Zinatuluka zitatu: kutaya ndalama za tsiku limodzi la ntchito, manyazi oti akakalipiridwa chifukwa cha fodya ndi mano othimbirira, komanso singano. Anakomokapo akutengedwa magazi ali mnyamata, ndiye ankaopa kugwa pamaso pa anthu.

Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi mankhwala ake. Pa ndalama, kuchipatala cha boma thandizo ndi laulere, ndipo mukasankha kolipira m'tauni funsani mtengo wa kuzula ndi wa kumata musanakhale pampando. Pa kukomoka, adye phala kapena tiyi ndi buledi asananyamuke, auze adokotala kuti anakomokapo, ndipo awagoneke chagada pobaya. Atseke maso singano isanatuluke. Akoke mpweya m'mphuno powerenga mpaka 4, n'kuutulutsa pang'onopang'ono mpaka 6. Wokonda wayilesi aike mahedifoni. Asamwe mowa kuti alimbe mtima, chifukwa umachititsa kuti magazi achedwe kusiya ndipo akhoza kubwezedwa. Inunso woperekeza musalengeze kwa anansi kuti abambo akuopa jakisoni. Mukatero mwatseka njira.

Achinyamata chawo ndi kuonera mavidiyo ozula mano pafoni usiku, ndi kuopa mpata wa kutsogolo. Awa auzeni asiye mavidiyowo, ndipo apite dzino likadali lomatika. Amayi oyembekezera ambiri amauzidwa kuti adikire mpaka achire. Jakisoni wa dzanzi saopsa mwana ali m'mimba, mafinya osiyidwa ndiwo oopsa. Angonena kuti ndi oyembekezera, ndipo ngati si zachangu, mwezi wa 4 mpaka wa 6 ndiyo nthawi yabwino.

Mwana ndiye amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa mantha ake timamupatsa ndife. Mwana wanga anali asanaonepo mpando wa dokotala wa mano, koma tsiku lomwe agogo ake ankasimba za kugwiridwa ndi anthu awiri anali pambali pathu akusewera ndi makoko a mbatata. Anamva zonse. Nkhani zotere muzikamba ana atachoka. Lekaninso mawu aja akuti “ukapanda kumvera ndikakubayitsa jakisoni”. Tsiku lomwe jakisoni adzafunikedi, mwana adzamuona ngati chilango.

Musamunamize kuti tikupita kukagula nsapato kumsika wa Mataifa. Musalonjeze kuti sizipweteka ngakhale pang'ono. Ine ndinamuuza kuti, “Adokotala akawerenga mano ako. Ngati pali lodwala akaligoneka tulo ndi mankhwala. Ukamva ngati kuluma kwa nyerere, kenako tsaya lilemera.” Madzulo awiri tinasewera zachipatala ndi kagalasi ndi supuni, iye atagona pamiyendo panga ine ndikuwerenga mano mokweza, kenako tinasinthana. Mano aubwana ndi 20, a munthu wamkulu ndi 32. Posewerapo ndi pomwe ndinaona kadontho kakuda pa dzino lakumbuyo kwenikweni. Makolo ambiri sadziwa kuti mwana akafika zaka 6 amamera dzino lalikulu kumbuyo popanda lina kuguluka, ndipo limenelo ndi la moyo wonse. Poliyesa laubwana amalisiya liwole kuti lidzaguluka lokha. Lake analimata, ndipo lilipo mpaka lero.

Mwana mupite naye m'mawa atagona bwino, atadya. Amuperekeze wamkulu amene saopa, chifukwa mwana amamva dzanja lanu likamatuluka thukuta. Pemphani adokotala amuonetse chida chilichonse chisanalowe m'kamwa. Akakana kuyasama ndipo palibe kutupa, ndi bwino kubwerera n'kudzabwera tsiku lina kusiyana ndi kumupanikiza pansi, chifukwa kugwiridwa mokakamiza n'komwe kunatsekera amayi anga njira zaka zonse zija. Potuluka muyamikireni pa chimene wachita, monga “unayasama bwino”, ndipo mphatso ikhale pensulo kapena mpira, osati switi.

Tsiku lozula silithera pakhomo la chipatala. Usiku woyamba ukavuta, munthu sadzabwereranso. Thonje alilume mwamphamvu kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, osalankhulalankhula. Tsiku limenelo asachukuche m'kamwa, asalavulelavule, asamwe zotentha, asasute, asagwire pabala ndi lilime kapena chala, chifukwa magazi oundana pamalopo ndiwo chivindikiro cha bala. Dzanzi limatha pakadutsa maola awiri kapena atatu, ndiye Panado amwe lisanatheretu. Mwana muyang'anitsitseni asatafune mlomo wolemerawo. Chakudya chikhale phala lozizira, nthochi, mazira. Mawa lake ayambe kuchukucha pang'onopang'ono ndi madzi ofunda othira theka la kasupuni ka mchere m'kapu. Ululu ukakula pa tsiku lachitatu m'malo mochepa, pakamwa n'kumanunkha, abwerere akatsuke pabalapo.

Pali nthawi ina yomwe simunyengerera. Kutupa kukafika kudiso kapena kutsikira kunsi kwa chibwano ndi kukhosi, munthu akamalephera kuyasama, kumeza kapena kupuma bwino, thupi likatentha, musadikire kuti kuche kapena kuti mantha athe. Pezani galimoto usiku womwewo mupite naye ku Central.