Musanalipire pulogalamu yoyang'anira mwana pa foni

Makolo anzanga, musathamangire kulipira mapulogalamu otetezera ana pa intaneti. Ngati foni ya mwana ndi ya Android, ikani Google Family Link, ndi yaulere. Mumutsegulire akaunti kudzera momwemo ndipo mulembe zaka zake zenizeni, chifukwa zimene amaloledwa kuona zimayendera msinkhu.

Mukatero, konzani kuti chilichonse chimene akufuna kutsitsa pa Play Store chizidikira chilolezo chanu, ndipo muike ola loti foniyo izidzitseka usiku. Nayo bandulo imakhalitsa. Pa iPhone, Screen Time, yomwe imagwira ntchito yofanana ndi imeneyi, ilimo kale, koma nambala yachinsinsi isakhale chaka chanu chobadwa, anawa amachidziwa bwino.

Koma mauthenga a mwana, monga a pa WhatsApp, Family Link siyikuonetsani, amenewo muzimufunsa mwiniwakeyo.