Kudziwa chozokotera zitsulo chakale musanachiwononge

Anthu ambiri akapeza kachida aka m'bokosi la zida zakale amakayesa tchizulo chothyoka, n'kuthamangira nako ku giraindala. Musatero. Pa Chingerezi amakatcha graver, pa Chifalansa burin, ndipo ndi kamene amisiri amalembera mayina pa mphete ndi pa zikho za siliva, kapena kuzokota zithunzi pa mkuwa zoti zikasindikizidwe.

Yambani ndi chogwirira. Chimakhala chamtengo, chachifupi, chooneka ngati bowa, ndipo kawirikawiri mbali imodzi amaisenga kuti ikhale yafulati. Amatero kuti chida chizigona pafupi ndi chitsulo chimene akuzokotacho, komanso chisamagubuduke patebulo. Ikani bowayo m'chikhatho: nsonga izingopitirira chala chachikulu pang'ono, pakuti chida chonse chimakhala masentimita 10 mpaka 13. Chimakankhidwa ndi dzanja, sachimenya. Mukaona chitsulo chopanda chogwirira, kumutu kwake kutaphwanyika ndi hamala, chimenecho ndi china. Ngati kunsonga n'kobuntha, ndi chodindira maluwa, chimene chimangobonyola chitsulo osachotsapo kanthu.

Tsopano pukutani ndi kansalu konyowetsa palafini, mutenge galasi lokulitsa zinthu, muyang'ane nsonga mutailozetsa kumaso kwanu. Maonekedwe a nkhope ya nsongayo ndi amene amasonyeza mtundu wa chidacho. Nkhope ya mbali zinayi zofanana, yoima pa ngodya imodzi, imadula mzere wonga chilembo V, ndipo ndi imene imalemba zilembo zambiri. Ikakhala yowonda ngati dayamondi ya pa makadi, ndi lozenge, ya mizere yopyapyala koma yakuya. Ina mbali zake zimapindika ngati pansi pa bwato n'kukumana pa mpeni umodzi: imeneyo ndi onglette, yokondedwa ndi oika miyala pa mphete. Yafulati pansi imasalaza malo, yozungulira pansi imakumba kangalande. Yosavuta kuizindikira ndi liner, chifukwa kumimba kwake kuli timizere tambiri toyendera limodzi, ndipo imadula mizere ingapo nthawi imodzi. Imeneyi musayerekeze kuinola kumimba, mufafaniza timizereto ndipo sitibwereranso.

Nkhopeyo imapendekeka madigiri pafupifupi 45. Tembenuzani chidacho muone kunsi kwa nsonga. Ngati pali kamalo kakang'ono konyezimira, kotsetsereka madigiri ngati 15, ndiye kuti mwini wake ankachigwiritsadi ntchito pozokota ndi dzanja, chifukwa kachidendene kameneko ndiko kamaletsa nsonga kumira m'chitsulo. Pakapanda kachidendene, chogwirira n'kukhala chachitali chowongoka, mwina munapeza cha wokonza mawotchi, chosemera tizitsulo pa makina ozungulira.

Pali anzake amene amasokoneza. Cha mbali zitatu zonse zakuthwa ndi chopalira. Chosalala ngati galasi, chopanda mpeni paliponse, ndi chopukutira kuti chitsulo chiwale. Chosongoka ngati singano n'chongolembera mizere.

Dzina la opanga lifuneni m'mbali mwa chitsulo, chakufupi ndi chogwirira. Likaphimbika ndi dzimbiri, pakanipo choko n'kupukuta ndi chala, zilembo zidzatsala zoyera. Mayina opezekapezeka ndi Vautier ndi Glardon Vallorbe a ku Switzerland, komanso E.C. Muller ndi E.C. Lyons a ku New York. Nambala imathandizanso, koma kampani iliyonse inali ndi kawerengedwe kake. Pa zida za ku America, 36 mpaka 49 ndi zafulati, 50 mpaka 63 ndi zozungulira. Zilembo HSS, chidule cha high speed steel (mtundu wa chitsulo chosafewa msanga chikatentha), zikutanthauza kuti chidacho si cha zaka za m'ma 1800, pakuti chitsulo chamtundu umenewo chinayamba kufala itadutsa 1900. Popanda dzina musataye mtima. Amisiri ambiri ankadzisulira okha kuchokera ku tupa zakutha, ndipo mano a tupayo amaonekabe pang'ono chakumtunda. Chogwirira chokha chisakunamizeni za zaka, chifukwa chinkagulidwa padera ndipo ankachisintha.

Chotsala n'kuona ngati chitsulo chidakali cholimba. Khudzitsani tupa yaing'ono pafupi ndi nsonga. Ikamangoterereka, chili bwino. Ikaluma, kapena nsongayo ikamaoneka yabuluu, wina anaitenthetsa ponola ndipo inafewa. Mbali imeneyo iyenera kuchotsedwa pang'onopang'ono pa mwala wonolera wothira mafuta. Kenako yesani pa kachidutswa ka mkuwa kopanidwa bwino, dzanja linalo lili kutali ndi kutsogolo kwa nsonga, chifukwa chikaterereka chimabaya kwambiri. Chakuthwa chimatulutsa kaulusi ka mkuwa kopotana ngati sipuling'i. Chikamangokanda, ndiye chabuntha, ndipo chikamamira n'kukakamira, vuto ndi kachidendene kaja.