Momwe mungadzutsire Peugeot 504 kapena galimoto ina yakale imene yagona zaka zambiri

Kuseri kwa nyumba zambiri kuno ku Dedza, komanso m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa M1 kulowera ku Ntcheu, kudakali magalimoto akale amene anaimikidwa pa njerwa eni ake atakalamba kapena atatisiya. Ambiri ndi ma Peugeot 404 ndi 504, ma Land Rover ndi ma Datsun, ndipo ochuluka ndithu angathe kuyendanso atapeza munthu wodekha. Zimene ndalemba pano zachokera pa ntchito imene ndinagwira pa Peugeot 504 ya petulo, koma zambiri zikukhudza galimoto iliyonse ya kabureta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini. Galimoto ya mtunduwu ndi yabwino kuyambira chifukwa, ngakhale inayamba kupangidwa ku France mu 1968, ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka m'zaka za m'ma 2000, choncho masipeya ake sanasoweretu monga anasowera a magalimoto ena a msinkhu wake.

Musanapereke ndalama iliyonse, onani mapepala. Manambala a chasisi ndi a injini amene ali mu blue book afanane ndi amene adindidwa pa chitsulo, chifukwa magalimoto ambiri akale anasinthidwa injini popanda kudziwitsa a Road Traffic, ndipo vuto limeneli mudzalipeza tsiku losintha umwini mutawononga kale ndalama zambiri. Ngati mwini wake anamwalira, kambiranani ndi banja lonse, osati mwana mmodzi amene akusunga makiyi. Kenako tengani sikuludiraiva, chotsani mphasa za pansi, ndipo bayani mopanda chisoni pansi pa mipando, m'munsi mwa zitseko, mu buti ndi pamene pamakhala batire. Chitsulo chabwino chimalira, chodyeka chimaboweka. Land Rover imanyenga anthu pamenepa, popeza thupi lake ndi la aluminiyamu ndipo silichita dzimbiri, pamene chasisi ya pansi ndi ya chitsulo ndipo ikhoza kukhala itatheratu. Injini yowonongeka imakonzeka, koma thupi lodyeka paliponse limadya ndalama zoposa mtengo wa galimoto. Pa nkhani ya mtengo, dziwani kuti banja likangoona kuti mwaikonda limakweza, ndipo ndi bwino kukumbukira kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera, choncho ndalama yogulira isadye ndalama yokonzera.

Ikafika pakhomo, chiyeso chachikulu ndi kuika batire ndi kupotokola kiyi kuti mumve ngati ilira. Musatero. Chotsani mapulagi onse anayi, thirani oilo pang'ono wosakaniza ndi parafini m'bowo lililonse, ndipo musiye masiku angapo kuti alowerere. Pambuyo pake tembenuzani injini ndi dzanja pogwiritsa sipanala pa bauti la pule yakutsogolo, giya ili pa fulii. Ikakana, onjezerani oilo ndi kudikiranso, uku mukuigwedeza pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. Anthu ena amaikoka ndi thirakitala ili m'giya kuti imasuke, koma njira imeneyi imathyola maring'i ndi kupinda ndodo za mapisitoni. Ngati mwafika potsegula mutu wa injini ya 504 kapena 404, samalani kwambiri, chifukwa masilinda ake ndi mikono yovuuka imene imazunguliridwa ndi madzi. Mukatembenuza injini mutu utachoka, mikonoyo isanapanikizidwe ndi mawashala ndi mabauti, imanyamuka, zotsekera za pansi zimasuntha, ndipo madzi amayamba kulowa mu oilo. Injini ikayamba kutembenuka bwino, tayani oilo wakale, ikani fyuluta yatsopano ndi oilo wa 20W-50, ndipo tsegulani chosefera mpweya chifukwa makoswe amakonda kumanga zisa mmenemo ndi kutafuna mawaya a pafupi.

Gawo limene likufuna nthawi yanu yambiri ndi njira ya mafuta, kuyambira ku thanki mpaka ku kabureta, ndipo ndi pamene ntchito yanga inaima nthawi yaitali. Petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo pambuyo pake inabweranso ya PressCane ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyontho cha mumpweya. Kuno kumene chifunga chimakuta phiri m'miyezi ya June ndi July, thanki yokhala ndi mafuta ochepa imachita thukuta mkati usiku uliwonse, madziwo amatsikira pansi, ndipo zaka zikamapita pansi pa thanki pamasanduka dzimbiri lokhalokha. Petulo wotsalayo amauma n'kusiya phula lofiirira la fungo loipa, limene limamata m'mapaipi ndi m'timabowo ta kabureta.

Galimoto yanga inalira bwino kwambiri pamene inkamwa petulo wa m'botolo, ndipo inayendanso bwino pa malo athyathyathya italumikizidwa ku thanki yake. Vuto linkabwera pa chikweza chilichonse: injini inkayamba kutsamwa, mphamvu n'kutha, kenako n'kuzima. Ikapuma mphindi zochepa inkaliranso ngati palibe chachitika. Aliyense amene anaima kuti athandize anali ndi yankho lake, wina akuti koyilo ikutentha, wina akuti kondensa, wina akuti pampu ya mafuta, ndipo zizindikiro zake zimafananadi ndi za zinthu zimenezo. Koma chimene chinkachitika n'chakuti pa chikweza pampu imakoka mafuta ambiri, zidutswa za dzimbiri zinkayamwidwa n'kutseka kukamwa kwa paipi ya m'thanki, ndipo injini ikazima zinkagweranso pansi n'kusiya njira yotseguka. Njira yosavuta yodziwira ndi iyi: injini ikangozima, chotsani chosefera mpweya, suzumirani m'kabureta uku mukukoka chingwe chochokera ku pedulo yopatsira moto. Ngati simukuona kamtsinje ka petulo kakufwamphuka, vuto si la magetsi ayi.

Mankhwala ake ndi kutsitsa thanki yonse, palibe chidule. Kutsuka thanki ili pa galimoto, pothira petulo watsopano n'kutsegula bauti la pansi, kumangochotsa zoyandama. Mukaitsitsa, chotsani chipangizo choyezera mafuta kuti mupeze bowo lalikulu, thirani parafini pamodzi ndi manati akale odzaza manja awiri kapena tcheni chachifupi, tsekani mabowo, ndipo gwedezani anthu awiri, mukutembenuza mbali zonse, mpaka manja atope. Werengani manati polowetsa ndi potulutsa. Bwerezani mpaka zotuluka zisiye kuoneka ngati madzi a m'dambo la katondo. Mukatero tsukani ndi madzi a sopo, thirani viniga wokwanira kumiza pansi ponse, musiye usiku umodzi kapena uwiri, tayani, ndipo tsukuluzani ndi madzi osungunuliramo soda yemwe timathira m'therere kuti asidi aphedwe. Chitsulo chotsukidwa chotere chimayambanso dzimbiri tsiku lomwelo, choncho chitani ntchitoyi m'mawa wa tsiku la dzuwa, yanikani thanki mabowo ali otsegula, ndipo ikangouma muzungulizemo oilo pang'ono wosakaniza ndi petulo. Walitsani tochi mkati muli pamdima kuti muone ngati pali timabowo. Ngati tilipo, musapite nayo kwa wowotcherera wa pamsika kuti aikepo moto, chifukwa thanki yopanda mafuta imakhala ndi mpweya wa petulo umene umaphulika koopsa kuposa thanki yodzaza. Ipititseni kwa anthu okonza maredieta amene amadziwa kuitsuka ndi nthunzi, kapena funani ina.

Paipi ya chitsulo yodutsa pansi pa galimoto ipemerereni ndi mpweya wa kompuresa kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Mapaipi onse a labala asinthidwe, ndipo pano m'pamene ogulitsa ena amatipweteka. Wogulitsa wina anandidulira paipi yakuda pa mpukutu, akulumbira kuti ndi ya petulo, koma pasanapite nthawi inafewa, inatupa, ndipo tizidutswa takuda tinakatsekereza singano ya mu kabureta mpaka petulo anayamba kusefukira pamwamba pa injini yotentha. Inali paipi ya madzi. Paipi yeniyeni ya mafuta imakhala ndi malemba m'mbali mwake, ndipo yolembedwa SAE J30 R9 ndiyo imapirira ethanol bwino. Ndi yodula ndipo kawirikawiri muyenera kukaifuna ku Lilongwe kapena kuitanitsa kwa amene amapita ku South Africa, koma utali umene mukufuna ndi wochepa. Ngati palibe malemba alionse, isiyeni ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo. Ikani fyuluta ya pulasitiki yoonekera mkati pakati pa thanki ndi pampu, ndipo gulani zingapo nthawi imodzi popeza ndi zotchipa ndipo zoyamba zimada msanga. Nembanemba ya labala ya mu pampu nayonso imauma ndi kung'ambika, ndipo chizindikiro chake ndi oilo wonunkha petulo amene akukwera pa ndodo yoyezera m'malo motsika.

Kabureta ya 504 zambiri ndi ya Solex ndipo si yovuta kumasula. Yalani nsalu yoyera pa tebulo, jambulani ndi foni pa sitepe iliyonse, ndipo viikani zitsulo zake mu thina, kupatula za labala ndi za pulasitiki. Majeti, tizitsulo tobooka timene petulo amadutsamo, apemerereni ndi mpweya, musawatokose ndi waya, chifukwa ndi a mkuwa wofewa ndipo bowo likakula pang'ono galimoto imayamba kumwa mafuta mosadziwika bwino. Gwedezani pafupi ndi khutu choyandama chimene chimakhala mu petulo wa m'kabureta. Mukamva petulo mkati, chabooka. Pochuna, kumbukirani kuti tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kumene mpweya ndi wopepuka kuposa wa kunyanja, kotero kabureta yochunidwa ku Salima kapena ku Mangochi imapereka mafuta ochuluka ikafika kuno. Mapulagi akuda ngati mwaye ndi utsi wakuda ndizo zimaonetsa zimenezi. Chunani injini itatentha, pamalo pamene galimoto izikhala. Ndipo mutavutika chotere, musathiremo petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu ngakhale mafuta atasowa bwanji, chifukwa simudziwa chimene chasakanizidwamo. Galimoto yachisangalalo ikhoza kudikira.

Za magetsi sizichedwetsa. Mapointi, tizitsulo tiwiri ta mu disitibyuta timene timatsegula ndi kutseka magetsi, akhale ndi mpata wa mamilimita 0.4, ndipo moto umayenda motsatira 1-3-4-2. Chosokoneza pa Peugeot n'chakuti silinda yoyamba ndi ya kumbuyo, kufupi ndi kilatchi, osati ya ku redieta monga pa magalimoto ambiri, choncho lembani manambala pa mawaya musanawazule. Kondensa yakale ngati ikugwira musaitaye, chifukwa zatsopano zambiri za m'mashopu sizikhalitsa. Palani malo onse amene waya wa batire amagwira thupi la galimoto mpaka chitsulo chiwale.

Redieta itsukidwe, mapaipi ake asinthidwe, ndipo thermostat, imene imatsekera madzi mpaka injini itatentha, ibwezeredwe ngati wina anaichotsa, popeza kuno kumazizira ndipo injini yosafika pa kutentha kwake imatha msanga. Mutu wa injiniyi ndi wa aluminiyamu, choncho thirani mankhwala a mu redieta osakaniza ndi madzi a mvula osefedwa m'malo mwa madzi a pamjigo amene amasiya miyala.

Mabuleki musawakhulupirire chifukwa choti pedulo yalimba. Mafuta ake amamwa madzi pakapita zaka, ndipo akatentha amawira, pedulo n'kulowa pansi. Tayani onse, ikani a DOT 4, sinthani malabala a m'masilinda a mabuleki ndi mapaipi ofewa a kumatayala, ndipo yesani pabwalo la mpira nthawi zambiri musanaganize zotsika msewu wotsetsereka wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti. Matayala ali ndi manambala anayi m'mbali osonyeza sabata ndi chaka chimene anapangidwa, moti 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2018. A manambala atatu ndi akale kuposa chaka cha 2000 ndipo atayidwe ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano.

Zotsala ndi nyali, hutala, zopukutira galasi, inshuwalansi ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Penti ndi mipando zibwere pomalizira, galimoto itayenda kale miyezi ingapo osavuta. Ikayamba kuyenda, itulutseni sabata iliyonse ulendo wokwanira kutenthetsa injini, monga wopita ku Linthipe kapena ku Lizulu ndi kubwerera, chifukwa kuiliza pakhomo mphindi zisanu kumangodzaza madzi mu ekizozi. Poimika nthawi yaitali, dzazani thanki, zulani waya wa batire, siyani handibuleki yomasula mutaika miyala kumatayala, ndipo fundikani ndi nsalu, osati pepala la pulasitiki limene limasunga chinyontho pa penti.