Mukufuna kudzaphunzitsa kasamalidwe ka mabuku ndi zikalata zakale? Yambirani konkuno kunyanja

Buku loyamba limene ndinayesa kulikonza ndinaliwononga. Linali buku la maina a obatizidwa la pa tchalitchi china chaching'ono kumpoto kwa boma la Nkhotakota, ine nditangolemba kumene mayeso a Fomu 4. Akatekisiti, munthu wamkulu amene tonse tinkangowatchula kuti agogo, anandiitana n'kunditambasulira bukulo pa benchi. "Mwanawe, iwe wapita kusukulu. Tatithandiza, masambawa akuthothoka." Ndinathamangira ku golosale, kugula selotepi, n'kumata paliponse pamene panang'ambika. Agogo anathokoza kwambiri. Patapita zaka 6 ndinalitsegulanso bukulo. Selotepi ija inali itauma n'kuyoyoka, koma guluu wake anali atalowerera m'pepala, pamaina pakuoneka ngati padonthera mafuta ophikira. Maina atatu sawerengekanso mpaka lero, ndipo eni ake anali anthu a m'mudzi mwathu.

Panopa ndimaphunzitsa kasamalidwe ka mabuku ndi zikalata, komanso ndimachita kafukufuku pa nkhani yomweyi. Achinyamata akandifunsa njira yofikira pamenepa, yankho langa limayambira pa buku lija: musafulumire kuima kutsogolo kwa kalasi manja anu asanalidziwe pepala.

Ngati mudakali kusekondale, gwiritsitsani Chemistry. Ambiri amaganiza kuti ntchitoyi ndi ya okonda History okha, koma matenda a pepala ndi a Chemistry. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1800, mapepala ambiri anayamba kupangidwa kuchokera ku mitengo m'malo mwa nsanza, ndipo pepala lotere limakhala ndi asidi amene amalidya pang'onopang'ono. N'chifukwa chake nyuzipepala ya zaka 30 zapitazo imafiira n'kumathetheka ngati tsamba louma la fodya, pamene buku la zaka 300 la pepala la nsanza limatha kukhala lolimbabe. Inki yakale imene amishonale ndi akalaliki a boma ankalembera inali ndi chitsulo, ndipo ikakumana ndi chinyezi imaboola pepala motsatira chilembo chenichenicho. Wosamvetsa zimenezi angathe kumata ndi kusoka, koma sangafotokozere wophunzira chifukwa chake.

Digiri yoyamba ambiri timaitengera ku Mzuzu University, kumene amaphunzitsa za malaibulale ndi kasungidwe ka zolembedwa. Ena amadzera ku History ku University of Malawi ku Zomba. Amene simunasankhidwe kuyunivesite musataye mtima: bungwe la Malawi Library Association limaphunzitsa maphunziro a satifiketi, ndipo alipo amene anayambira pamenepo akugwira ntchito mu laibulale, kenako n'kukwera.

Nthawi yokaphunzira ntchito ikakwana, limbikirani kuti mupite ku National Archives, malo a boma osungirako zikalata zakale, ku Zomba. Malowa anatsegulidwa mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives. Mukakafika mukamva nkhani ya moto wa mu 1919 umene unapsereza maofesi a boma ku Zomba pamodzi ndi mafayilo ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda. Olemba mbiri ya dziko lino amalimbanabe ndi mpata umene motowo unasiya. Mukakhala kumeneko musakangokhala pa kompyuta. Pemphani kupukuta fumbi m'mashelefu, kuchotsa mapini ndi masitepo a dzimbiri m'mafayilo, kupinda makatoni osungiramo zikalata. Ntchito zonyozekazi ndi zimene zimaphunzitsa diso kusiyanitsa kudya kwa chiswe, kwa njenjete ndi kwa mphemvu.

Tsopano za manja. Apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ophunzira athu amaperewera. Lamulo lalikulu la ntchitoyi ndi lakuti chilichonse chimene mwaika pa chikalata chizitheka kuchotsedwa mawa popanda kuchivulaza. Selotepi, guluu wa ku ofesi ndi pulasitiki yomatidwa potenthetsa zimaphwanya lamuloli. Pomata timagwiritsa ntchito phala la sitachi ya tirigu ndi kapepala kopyapyala ka ku Japan, ka ulusi wautali. Phalalo mumaliphika pa moto wochepa mukutakasa osalekeza mpaka lichoke kuyera kwa mkaka n'kuyamba kuonekera ngati galasi. Likazizira mumalisefa, n'kulisungunula ndi madzi oyera mpaka lipyapyale. Kapepala kaja sitidula ndi sizasi. Mumajambula mzere ndi burashi yonyowa, n'kukoka pang'onopang'ono kuti m'mphepete mutsale tiubweya; tiubweya timeneto ndi timene timagwira pepala popanda kusiya msoko wouma umene ungadzang'ambe pambali pake. Mukamata mumaika kapepala komwa madzi pamwamba, kutsindika ndi kolemera pang'ono, n'kudikira. Yesererani pa nyuzipepala zakale ndi makope otha ntchito, kambirimbiri, musanakhudze chinthu cha eni ake. Ndipo jambulani zonse: chisanakonzedwe, chikukonzedwa, chitakonzedwa. Zithunzi zimenezi ndi zimene mudzaonetse pofunsira malo a digiri yachiwiri, chifukwa sukulu zophunzitsa kukonza mabuku zimafuna kuona zimene manja anu anachitapo.

Popanda digiri ya master's n'kovuta kulembedwa ngati lekichala. Pali njira ziwiri, ndipo muyenera kusankha mukudziwa. Yoyamba ndi ya kayendetsedwe ka zikalata ndi mafayilo, monga imene amaphunzitsa ku University of Botswana. Iyi imakupatsani mwayi wambiri wa ntchito kuno kwathu. Yachiwiri ndi ya pabenchi penipeni, yokonza mabuku ndi manja: West Dean College ku England amaphunzitsa kukonza mabuku, ndipo University of Pretoria ili ndi master's ya kasamalidwe ka zinthu zakale zogwirika. Za ndalama, yang'anani Commonwealth Scholarship, Beit Trust imene imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, komanso Chevening, imene imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka 2. Maganizo anga ndi akuti amene angathe atenge njira yachiwiri. Odziwa kulemba ndondomeko za mafayilo tilipo. Odziwa kuchiza buku lodwala ndi owerengeka.

Chimene ndimafunitsitsa kuti muchimve ndi ichi: mutu wa kafukufuku wanu musakaufune kutali. Mabuku ambiri a ntchitoyi analembedwa poganizira nyumba zozizira za ku Ulaya, zokhala ndi makina oziziritsa osazima. Kuno ku Nkhotakota, mu Januwale ndi Febuluwale, malaya amene mwawapachika m'nyumba amachita kumveka chinyontho. Chinyezi cha mumpweya chikadutsa 65 peresenti kwa masiku angapo, nkhungu imayamba kumera pa zikuto za mabuku. Sindikunena nkhungu zouluka pa nyanja zija ayi, koma ija yotuwa, yonunkha chivundi. Kodi kabati yachitsulo yotseka ndi shelefu yamatabwa yopita mphepo, chimene chimateteza bwino buku m'nyengo yathu n'chiti? Funso limenelo ndi kafukufuku wokwanira. Ine ndinayamba ndi tizipangizo tiwiri toyezera chinyezi ndi kutentha, kamodzi m'kabati ya m'chipinda chovalira ansembe, kena pa shelefu ya panja pake, ndi kope lolembamo manambala m'mawa ndi madzulo kwa chaka chathunthu. Pepala langa loyamba la kafukufuku linachokera m'kope limenelo.

Funso lina limene ndikulilakalaka kuti wina alitenge ndi la chinangwa. Sitachi ya tirigu yoyenera ntchitoyi ndi yoitanitsa kunja, pamene ife anthu a kondowole chinangwa tili nacho pakhomo. Kodi sitachi ya chinangwa yotsukidwa bwino imagwira motani? Imafewanso ndi madzi patapita zaka? Imaitana tizilombo kuposa ya tirigu? Zimenezi zimafuna kuyesa mu labotale, pa mapepala opanda ntchito, osati pa buku la tchalitchi. Wophunzira wodziwa Chemistry angapezepo digiri yake.

Zinthu zoti mufufuze zilipo zambiri. Amishonale a UMCA, a mpingo wa Anglican, anakhazikika ku Nkhotakota mu 1894, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa nyanja mu 1895, anaikidwa pa tchalitchi cha All Saints. Mipingo ya kuno yakhala ikulemba maubatizo, maukwati ndi maliro kwa zaka zoposa 100. Chisilamu chinafika kale kuposa apo, m'nthawi ya a Jumbe, ndipo m'mizikiti ndi m'nyumba za mashehe mumapezeka mabuku a zilembo za Chiarabu amene adutsa m'manja mwa mibadwo ingapo. Onjezani mabuku a milandu a kwa mafumu ndi makaundula a sukulu zakale. Koma kumbukirani kuti zinthuzi zili ndi eni ake. Yambirani kwa amfumu, kwa ashehe, kwa ansembe. Khalani pansi, fotokozani, ndipo musatulutse buku pakhomo pa eni. Kumzikiti funsani kaye amene ali woyenera kugwira buku ndi mmene liyenera kugwiridwira. Mukajambula, siyani makope kwa eni ake. British Library ili ndi thumba lotchedwa Endangered Archives Programme, limene linayamba mu 2004, lothandiza kujambula zolembedwa zimene zili pangozi, ndipo nalonso limafuna kuti zinthu zenizenizo zitsale m'dziko lawo.

Nkhani ya madzi osefukira musaiiwale. Anthu a ku Dwangwa amene anaona madzi a mu 2024 akudziwa mmene makope a ana, ziphaso ndi Mabaibulo anasandukira phala. Ntchito yamakono yokonza mabuku inakula kwambiri madzi atasefukira mumzinda wa Florence ku Italy mu 1966, pamene akatswiri a mayiko ambiri anasonkhana kupulumutsa mabuku odzaza matope. Buku lonyowa likakhala masiku awiri kapena atatu, nkhungu yayamba kale. Ochita bwino amaliika mu filiza. Nanga kumudzi kopanda magetsi? Timaliimika motambasula pamthunzi popita mphepo, kulowetsa mapepala ouma pakati pa masamba n'kumasintha pafupipafupi, osaliyanika padzuwa ngati usipa. Njira yabwino yochitira zimenezi m'mudzi ikufunika woilemba bwinobwino m'Chichewa.

Zimene mwapeza zilembeni n'kuzitumiza ku ESARBICA Journal, magazini ya osunga zikalata a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kapena ku Society of Malawi Journal ngati nkhaniyo yapendekera ku mbiri. Chenjerani ndi magazini a pa intaneti amene amalonjeza kusindikiza m'sabata imodzi mukalipira. Pokukwezani pantchito sawawerengera, ndipo amadetsa dzina. Makwerero a kuyunivesite amayambira pa staff associate kapena assistant lecturer, kenako lecturer, senior lecturer mpaka pulofesa, ndipo mukamakwera amafuna PhD ndi mapepala osindikizidwa.

Ndisakunamizeni, malo a ntchito ndi ochepa. Mwina mudzalembedwa kuti muphunzitse maphunziro anayi a za laibulale, kasamalidwe ka mabuku kakhale kamodzi mwa iwo. Kalandireni kameneko n'kukalemekeza. Ine tsiku loyamba la kalasi sindiyatsa pulojekita. Ndimabwera ndi katoni ya mabuku odyedwa ndi chiswe, ovunda ndi omatidwa selotepi, aliyense atenge lake, alinunkhize, alembe matenda ake asanamve dzina lililonse la Chingerezi.

Agogo akatekisiti anatisiya. Buku lija tsopano likusungidwa ndi mdzukulu wawo, m'bokosi limene tinalipinda limodzi, pa shelefu yotalikirana ndi khoma komanso yokwera kuchoka pansi. Mu Novembala, mvula isanagwe, ndipitanso kukasintha batire la kachipangizo koyezera chinyezi, ndipo ndidzatenga ophunzira awiri kuti akayambe kufunsa akuluakulu a m'mudzimo za maina atatu aja.