Kusankha Mpando Pokwera Roller Coaster

Mabogi a roller coaster, sitima yamasewera yothamanga pa njanji zokwera ndi zotsetsereka, ndi olumikizana ndipo onse amayenda pa liwiro limodzi, komabe wokhala kutsogolo ndi wokhala kumbuyo samva zofanana m'thupi. Chifukwa chake n'chakuti masitima ambiri a mtunduwu alibe injini: tcheni chimawakokera pamwamba pa chitunda choyamba, kenako amatsetsereka okha, ndipo bogi iliyonse imafika pamsonga pa nthawi yake.

Ngati mukufuna kuona bwino, khalani kutsogolo. Palibe mutu wa munthu wokutchingirani, ndipo bogi yanu imayamba yalendewera pang'ono pamwamba pa phompho podikira kuti zakumbuyo zimalize kukwera, nthawi imene ambiri amati ndiyo yoopsa kuposa kutsika kwenikweniko. Mphepo nayo imakumenyani kumaso popanda chotchinga. Pa sitima yotchedwa Formula Rossa ya kumalo achisangalalo a Ferrari World ku Abu Dhabi, imene inatsegulidwa mu 2010 ndipo imafika pa liwiro la makilomita 240 pa ola, okwera amavala magalasi oteteza maso ku mchenga ndi tizilombo touluka. Pa masitima olendewera kunsi kwa njanji, mpando wakutsogolo ndiwo wokha umene munthu amaonerapo bwino, popeza ena onse amangoyang'ana msana wa mpando wa mnzawo. Dziwaninso kuti mzere wa mpando umenewu umatalika.

Kumbuyo n'kwa olimba mtima. Bogi yomaliza ikamafika pamsonga, zakutsogolo zimakhala zitayamba kale kutsika mwaliwiro, choncho imakokedwa mwamphamvu ngati nsonga ya chikwapu, ndipo wokwera amanyamuka pampando mpaka lamba kapena chitsulo cha pantchafu kumugwira. Ineyo ndimaona kuti kukoma kwa chitunda choyamba kuli kumeneko, ngakhale kuti kugwedezeka nakonso kumachuluka, makamaka pa njanji zakale zamatabwa monga Cyclone ya ku Coney Island ku New York, imene yakhala ikuyenda kuyambira 1927. Pa zamatabwazi, mpando umene uli pamwamba penipeni pa mawilo umagunyuza kwambiri msana, kotero ngati bogi ili ndi mizere itatu ya mipando, sankhani wapakati.

Wokwera koyamba akhale m'bogi yapakati, mmene kukoka ndi kugwedeza zimachepa. Amene sachedwa kuchita nseru kapena chizungulire angachite bwino kuyandikira kutsogolo, chifukwa maso akamaoneratu kumene njanji ikukhotera, thupi limakonzeka. Kutsinzina kumangowonjezera vutolo. Mutu ukhale wotsamira kumpando nthawi yonse.

Musanalowe pamzere, werengani chikwangwani chonena za msinkhu wololedwa ndi machenjezo ake, pakuti palibe mpando umene ndi woyenera kwa mayi woyembekezera kapena munthu wodwala mtima, msana kapena khosi. M'malo ena ogwira ntchito ndiwo amagawa mipando, koma mukapempha mwaulemu n'kuvomera kudikira sitima yotsatira, nthawi zambiri amakulolani kukhala pamene mukufuna.